Chimbudzi Chimene A Kandulu Anapatsa Amayi

A Gibson Kandulu kwawo ndi ku Balaka, ndipo ku America anabwera imvi zitayamba kale kuonekera m'ndevu. Kumudzi anali kalaliki pa kampani ina yogula thonje. Atafika ku Virginia anapeza kuti ukalaliki wawo palibe akuufuna, ndiye anachita zomwe anzawo ambiri ankachita, kuphunzira kusamalira okalamba. Kwa zaka zambiri, m'nyumba ina yosungiramo nkhalamba kufupi ndi Falls Church, ankadzutsa azungu okalamba, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwakhazika pa chimbudzi ndi kuwapukuta. Ntchitoyo ankaidziwa, manja awo anali ofatsa, koma pakamwa pawo sinkatuluka. Akaimba foni ku Balaka ankangoti, "Tili kuchipatala komweko," abale n'kumaganiza kuti munthu amavala jasi loyera.

Ulemu wawo unali wa Lamulungu. Mpingo wa Amalawi ndi anthu a ku Zambia unkachita lendi holo ina pamwamba pa masitolo cha ku Bethesda, ku Maryland, holo yomwe masiku ena inkakhala ya maukwati ndi misonkhano ya anthu a mitundu ina. Kumeneko a Kandulu anali mkulu wa mpingo. Ankanyamuka kunyumba kwawo ku Annandale m'mamawa ndi akazi awo, mayi Esnat, kuwoloka mtsinje wa Potomac, n'kufika oyamba kukatsegula ndi kuyala mipando. Mwana akayamba kuthamangathamanga pemphero lili m'kati, iwo ankangomuyang'ana, mwanayo n'kukhala pansi yekha. Nkhanza analibe. Ndi anthu angati amene anakawatenga ku eyapoti, n'kuwagoneka pabalaza miyezi yambiri osawerengera? Kungoti ankafuna chinthu chilichonse chizikhala pamalo pake.

Kumapeto kwa kolido ya holoyo kunali zimbudzi ziwiri, chilichonse cholowa munthu mmodzi n'kudzikhomera. Chakumanzere chinali chachikulu, cha chitseko chotambalala, chokhala ndi zitsulo zogwirira m'khoma. Chakumanja chinali kachipinda kopanikiza, ndiponso pakhomo pake panali sitepe. Poyamba chachikulucho chinali ndi chithunzi cha munthu wa diresi, chaching'onocho cha munthu wa buluku. Lamulungu lina a Kandulu anapeza zithunzizo zitachotsedwa, zitseko zonse ziwiri zili ndi zikwangwani zofanana, zonena m'Chingerezi kuti muno n'mwa aliyense.

Mwini holoyo, mkulu wina wa ku Korea wosakonda zolankhulalankhula, anawauza kuti si nzeru zake. Kuderako kunabwera lamulo loti m'malo ofikamo anthu onse, chimbudzi cha munthu mmodzi chisamasankhe kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Iye anangotsatira.

Tsiku limenelo chakudya cha masana sichinawakomere.

"Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sakumana pakhomo la chimbudzi," anatero a Kandulu. "Lero ine ndizituluka m'menemo ndikumanga lamba, amayi a mvano ataima pakhomo kudikira? Dziko lino likufuna tonse tithe manyazi."

Mwana wawo Cynthia, namwino, amene Chichewa amamva chonse koma kuyankha m'Chingerezi, anawakumbutsa kuti m'nyumba mwawo momwemo chimbudzi n'chimodzi, ndipo m'ndege muja anabwerera sanafunse kuti cha abambo chili kuti.

"Kunyumba n'kunyumba," anatero iwo. "Kuja n'kutchalitchi."

Mayi Esnat anangosonkhanitsa mbale.

Sabata yotsatira a Kandulu anafika ndi mapepala awiri olembedwa ndi cholembera chakuda chachikulu, lina AMAYI, lina ABAMBO. Anawamata ndi selotepi pamwamba pa zikwangwani za mwini holo, ndipo anthu akabalalika ankawamatula n'kuwasunga m'chikwama. La AMAYI analiika pa chitseko chachikulu, poti amayi amalowa ndi ana. Ena anaseka, ena anawagwira chanza n'kuwauza kuti mpingo ukufunika amuna otere. Onse anatsatira.

Mumpingomo munali bambo wina wa ku Lusaka, a Chalwe, woyendetsa takisi. Akazi awo, mayi Mwangala, ankadwala matenda oiwala. Dzina la mwana wawo weniweni linali litawathawa, koma nyimbo za mpingo ankaimba zonse, mawu ake osaphonya. Chimbudzi sankatha kulowa okha, chifukwa akadzikhomera ankaiwala potsegulira, n'kuyamba kulira. Ndiye a Chalwe ankalowa nawo.

Lamulungu lina a Kandulu anawapeza pa chitseko chachikulu chija, atagwira akazi awo padzanja, amayi ena angapo ataima pambali.

"A Chalwe, pepalalo mwaliwerenga?"

"Nawerenga, ba Kandulu," anayankha a Chalwe m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Manje mufuna niwapeleke kuti? Kuja kung'ono sitingakwane babili."

"Amvano alipo awa. Awathandize amayi anzawo."

"Samvera munthu wina. Amachita mantha."

"Dongosolo ndi dongosolo, achimwene. Tikayamba kusankha, mawa aliyense abwera ndi chifukwa chake."

A Chalwe anasiya dzanja la akazi awo. Mayi wina anayesa kuwalowetsa mwaulemu, koma chitseko chisanatsekeke mayi Mwangala anayamba kukuwa, kumenya mayiyo pachifuwa, kuitana amuna awo ndi dzina la paubwana lomwe anthu sanalimvepo. A Chalwe anawakumbatira, anatola kachikwama kawo kamene kanagwa pansi, n'kutsika nawo pa lifiti. Sanabwererenso. Patapita nthawi kunamveka kuti anapeza tchalitchi china chapafupi ndi kwawo, ndipo a Kandulu anailandira nkhaniyo msangamsanga, osafunsa kuti wanena ndani. Chonsecho kuntchito kwawo odwala otere anali nawo tsiku ndi tsiku, ndipo iwo omwe ndi amene ankaphunzitsa antchito atsopano kuti munthu woiwala sumusinthira dzanja lomugwira.

Kenaka sabata ina anaiwala kumatula mapepala aja. Lolemba lake kunali msonkhano wa anthu ena m'holomo, wina anawaona n'kukadandaula ku ofesi yoona za ufulu wa anthu m'deralo, ndipo mwini holo anachenjezedwa kuti zikachitikanso alipira chindapusa. Iye anauza abusa mosapita m'mbali kuti akaonanso pepala pa chitseko, mpingo ukafune malo ena. Abusa anawapempha a Kandulu kuti asiye. Anasiya, koma pa zolengeza anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Mapepala tachotsa chifukwa cha eni dziko. Koma ife timadziwana. Kumanzere n'kwa amayi, kumanja n'kwa abambo." Ndipo zinakhaladi choncho. Zikwangwani zinkati aliyense, anthu n'kumati cha amayi.

Matenda anawapeza a Kandulu ali pantchito. Ankaveka nkhalamba ina sokosi, dzanja lamanja linangogwa ngati si lawo, mawu n'kusanduka phala m'kamwa. Anzawo anaimbira ambulansi mwachangu, ndiye moyo unatsala, koma sitiroko inatenga dzanja ndi mwendo wakumanja, lilime nalo n'kulemera. Atatuluka m'chipatala anabwerera ku Annandale pa chikuku. Mayi Esnat, amenenso ankagwira ntchito yosamalira odwala m'makomo, anachepetsa masiku a ntchito, nayamba kuwachitira amuna awo zonse zomwe amuna awowo anachitira anthu ena kwa zaka zonse zija. Pa nthawi imeneyo a Kandulu ankatsinzina, ndipo sankatsegula maso mpaka buluku litakwezedwa.

Patatha miyezi ingapo anati akufuna kukathokoza Mulungu pamaso pa mpingo. M'mawa wa tsikulo mayi Esnat anatulutsa thewera la akuluakulu.

"Bambo a Cynthia, mankhwala a BP aja amakuthamangitsirani kuchimbudzi. Valani kokha lero."

"Ine, thewera, kutchalitchi?" Mawu ankatuluka limodzilimodzi, koma mkwiyo unamveka wonse. "Bwezani."

Anavala suti yotuwa, imene anagulira tsiku limene Cynthia anamaliza maphunziro. Atatuluka mu lifiti, amayi anaimba nthungululu, abambo anadzuka kudzawagwira chanza cha kumanzere. Anawaika kutsogolo, pafupi ndi abusa. A Kandulu analira pang'ono pa nyimbo yoyamba, ndipo sanachite nazo manyazi, poti misozi yotere anthu amailemekeza.

Ulaliki uli pakati anamva kuti chikhodzodzo chadzaza. Anati apirire. Anapana mwendo wamoyowo, anayang'ana abusa, osamvanso chimene akunena. Atalephera anakodola akazi awo n'kuwanong'oneza. Mayi Esnat anatembenuza chikuku, n'kudutsa nacho pakati pa mipando, anthu akupinda miyendo kupereka njira.

Ku kolido anapeza amayi awiri a mvano atavala zoyera, mmodzi wa iwo amake Vitu, mayi wa ku Rumphi amene ankaphika tiyi wa mpingo. Mayi Esnat analunjika chitseko chachikulu. A Kandulu anagwira tayala ndi dzanja lamanzere, chikuku n'kukhota.

"Kumeneko ayi."

"Bambo a Cynthia, uko chikuku sichilowa."

"Ndati ayi."

"Lowani, abambo, mulibe munthu," anatero amake Vitu mofatsa. "Ife tidikira."

Kufatsa kumeneko n'kumene kunawapweteka. Amayi omwewa analipo tsiku la a Chalwe, analiponso tsiku la zolengeza. A Kandulu analoza chitseko chaching'ono ndi chibwano. Mayi Esnat anawayang'ana kanthawi, kenaka anakankhira chikuku komweko. Matayala anagunda sitepe. Anamanga mabuleki, analowetsa phewa kukhwapa kwa amuna awo, n'kuwadzutsa. A Kandulu anagwira felemu ya chitseko, anayesa kukweza mwendo wakufa uja kuti ukwere sitepe, koma mwendo unakana. Anadzikakamiza kachiwiri ndi mphamvu zonse za m'mimba, ndipo pomwepo thupi linamasula.

Anamva kutentha kukutsika ndi mwendo wamanzere mpaka m'nsapato. Suti yotuwa ija inada kuyambira pa lamba. Mkodzo unayenderera pa matailosi, unapeza mzere pakati pawo, n'kumapita cha kumene kunaima amayi aja. Anafuna kuuletsa koma sunaleke mpaka unatha wokha.

Mayi Esnat anawakhazikanso pa chikuku. Amake Vitu anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa siketi, anawafunditsa pamiyendo maso ali kumbali, ndipo mnzawo uja anapita kukafuna mopu. Apa mayi Esnat anatsegula chitseko chachikulu n'kuwalowetsa, ndipo dzanja la a Kandulu silinapitenso pa tayala.

M'katimo munali malo okwanira chikuku ndi anthu awiri. Anaima atagwira chitsulo cha m'khoma, akazi awo atagwada pansi, akuwavula nsapato ndi sokosi, kuwapukuta ndi mapepala onyowetsa pa mpopi. Kuseri kwa khoma mpingo unayamba nyimbo ya chopereka. Buluku lina panalibe. Mayi Esnat anakulunga lonyowalo m'pepala la pulasitiki, n'kuwamanga chitenje cha amake Vitu m'chiuno. Mkulu wa mpingo anatsika pa lifiti atavala jekete, tayi ndi chitenje cha maluwa ofiira, ndipo anyamata awiri amene anali panja pa galimoto zawo anayang'ana pansi ngati ataya makiyi.

Pobwerera kunyumba, atawoloka mtsinje, a Kandulu anati, "Mukanandikakamiza."

"Ndikanakukakamizani, mukanandikalipira pamaso pa anzanga," anatero mayi Esnat, maso ali pamsewu. "Manyazi anapha Lambe, bambo a Cynthia."

Kuyambira tsiku limenelo a Kandulu anadzitsekera m'nyumba. Abusa anabwera, anauzidwa kuti agona. Foni ikalira ankaitembenuza chafufumimba. Anayamba kukana madzi ndi tiyi kuti asamavutitse munthu, mpaka anadwala matenda a m'chikhodzodzo, Cynthia n'kuwakalipira m'Chingerezi monga amakalipira odwala ake osamva, kenaka n'kukalirira m'galimoto. Ankakhala pawindo kuyang'ana ana a anthu a ku El Salvador akusewera mpira pamalo oimika magalimoto, n'kumaganiza kuti nkhani yawo yafika pati. Ankadziwa mmene mafoni a Amalawi amayendera. Mwina ndi ku Balaka komwe anamva.

Koma masiku akupita, chimene chinkawabwerera kwambiri sichinali chithaphwi chija. Anali mawu a mayi Mwangala akuitana dzina lija, ndi a Chalwe akuwerama kutola kachikwama.

Tsiku lina masana anafunsa akazi awo ngati pali amene angakhale ndi nambala ya a Chalwe.

"Ndili nayo ine," anatero mayi Esnat. "Ndimawaimbira. Ndinapitakonso kangapo ndi ndiwo."

"Osandiuza?"

"Mukanamva?"

A Kandulu anafunsa za tchalitchi chatsopano chija.

"Kulibe tchalitchi chatsopano. Zimenezo anthu anangopeka kuti mtima wanu ukhale pansi. Chichokereni tsiku lija bamboyo sanawatengerenso akazi awo pagulu. Amati sakufuna munthu wina adzawaonenso akukuwa. Pano mayiwo ali ku nyumba ya okalamba ku Maryland konko. Kuimba kuja anasiya."

Anawaikira foni m'dzanja lamanzere n'kupita kukhitchini, koma madzi a pa sinki sanawatsegule.

A Chalwe anayankha ali m'galimoto. Phokoso la msewu linkamveka.

"Ba Kandulu. Ninamvera kuti munadwala. Muli bwanji manje?"

"Pang'ono." Lilime linalemera kuposa masiku onse. "A Chalwe, ine ndaimba za tsiku lija. Pa chitseko paja."



"Zija zinapita. Koma siningakunamizeni, zinanibaba maningi mumtima. Imwe mumasebenza na bantu ba so. Munali kuziba."

"Ndinkadziwa."

"Ndiye chamene chinanibaba."

"Pepani," anatero a Kandulu. Anali atakonza mawu ambiri, koma anatuluka amenewo okha.

A Chalwe sananene kuti akhululuka, sananenenso kuti sakhululuka. Anati, "Namvera zamene zinachitika kuli imwe. Muziyenda na buluku ina mu motoka, na thaulo, na sokosi. Ndipo mukafika pa malo, muyambe mwaona kwamene kuli chimbudzi mukalibe kunkala pansi. Osayembekeza." Kenaka anati wokwera wafika, adzaimba tsiku lina. Sanaimbe, ndipo a Kandulu sanayembekezere kuti aimba.

Anatumiza mawu kwa abusa kuti ukulu wa mpingo autula. Abusa anayesa kukana, koma iwo anaumirira. Kutchalitchi anabwererako nyengo yozizira itatha, ndipo anapempha kuti aziwaika kumbuyo, pafupi ndi khomo la ku kolido. Anali atakonzeka kuti pa zolengeza abweze mawu awo aja. Atawapatsa maikolofoni, anaona nkhope zonse zitatembenukira kumbuyo, zachifundo zokhazokha. Anangoti, "Zimbudzi zija n'za tonse." Anthu ena anati ameni, ena sanamve bwino chifukwa cha lilime lija, n'kumafunsana kuti akuti chiyani. Abusa anabwereza mawuwo momveka, napitiriza za msonkhano wa achinyamata.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi. Mpaka lero abambo ambiri amakaima pamzere ku kachipinda kakang'ono ngakhale chachikulu chili chopanda munthu, ndipo pali anthu obwera kumene, osadziwa n'komwe kuti a Kandulu anali ndani, amene amalozera alendo kuti kumanzere n'kwa amayi. A Kandulu akamva zimenezo amayang'ana manja awo. Lamulungu lililonse, nyimbo yachiwiri ikatha, mayi Esnat amawakankhira ku chitseko chachikulu, amayi amene ali pamenepo n'kupatuka, iwo maso ali pa matailosi mpaka chitseko chitakhomedwa.

Chitenje cha amake Vitu chinakhalitsa m'nyumba mwawo. Mayi Esnat anachichapa, kuchisita, n'kufuna kukabweza okha, koma a Kandulu anakana. Anati adzapereka ndi manja awo. Masabata angapo chinkapita ku Bethesda m'chikwama n'kubwerera ku Annandale, chifukwa akangowaona mayiwo akubwera ndi ketulo, mtima unkawathawa.

Tsiku lina anthu akumwa tiyi atatha mapemphero, anauza akazi awo kuti awaitane. Amake Vitu anabwera akupukuta manja. A Kandulu anatulutsa chitenjecho ndi dzanja lamanzere, kenaka anaima nacho m'malere, poti munthu wamkulu sumupatsa chinthu ndi lamanzere. Mayi Esnat anaona. Anatenga dzanja lakufa lija pamwendo, analitambasula, anaikapo chitenje, n'kuligwirizira pansi ndi manja awo. A Kandulu anagwira chigongono chawo ndi dzanja lamanzere monga amachitira kwawo.

"Zikomo, mayi," anatero.

Amake Vitu anagwada pang'ono n'kulandira ndi manja awiri. Anachikoleka paphewa, anafunsa ngati Cynthia akugwirabe ntchito kuchipatala chomwe chija, kenaka anafunsa ngati abambo amwa tiyi. A Kandulu anayang'ana akazi awo.

"Athireni," anatero mayi Esnat. "Shuga pang'ono."